Wabaidwa Kale

"Iwe walemba mayeso a folomu folo, tandiuza. Jakisoni ndi katemera n'chimodzi?"

Anandifunsa choncho mayi aang'ono, a Elenala, tsiku lachiwiri nditabwerako kusukulu. Tinali pabwalo tikupeta mpunga. Ndinayankha kuti n'chimodzi, poti zonse ndi singano. Iwo anati zaka zinayi zonsezi ndimangokathera nsapato kutauni. Anatenga lichero lawo n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Zinandiwawa, ndipo ndinayamba kufunsafunsa kuti chinachitika n'chiyani ine kulibe. Kwathu kuno, m'dera la a Mwambo, kufupi ndi doko la Kachulu, anthu ayamba kuwatcha Mayi Agalu, ndipo ana amauwa akamadutsa. Ndikulemba izi kuti amene akusekawo adziwe chimene akuseka.

A Elenala ndi mng'ono wawo wa mayi anga, a Cecilia. Wamkulu pa onse ndi malume, a Gerishomo, ndipo ndiwo mwini mbumba. Ukwati, maliro, matenda, malire a munda, zonse zimayamba zadutsa pakamwa pawo. A Elenala sukulu analekezera sitandade seveni. Anakwatiwa ndi msodzi wa nsomba za makumba, koma chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma, mu 2018, bamboyo anati akukasaka madzi ku Mozambiki, ndipo mpaka lero akusakabe. Anawasiya ndi mwana mmodzi kumsana, dzina lake Clement.

Anayesa kuyanika matemba madzi atabwerera, anayesa mandasi, anayesa ganyu m'minda ya mpunga ya eni. Denga linkadonthabe. Clement atakwana zaka zinayi anamusiya m'manja mwa a Cecilia n'kukwera basi ya ku Joni, ali ndi chikwama chimodzi ndi nambala ya foni ya mnzawo wa kutchalitchi.

Ntchito anaipeza mumzinda wa Debeni, m'nyumba ya mayi wina wachimwenye wogwira kubanki, amene iwo ankangomutcha madamu. Kuchapa, kusita, kukolopa, zimenezi sizinawavute. Chinawavuta ndi Tofi. Tofi anali galu wamfupi waubweya ngati mopu, wogona pakhushoni, wodyera m'mbale yolembedwa dzina lake. M'mawa uliwonse a Elenala ankayenda naye pachingwe, ndipo akadzithandiza m'mbali mwa msewu ankatola ndi jumbo. Miyezi yoyambirira ankachita manyazi mpaka misozi. Kumudzi ankauza anthu kuti amalera mwana.

Galuyo anali ndi kabuku kake ka kuchipatala. Nthawi ikakwana ankapita naye kwa dokotala wa ziweto, amene ankamubaya n'kumata kapepala kakang'ono m'kabukumo, n'kulemba tsiku pambali. A Elenala ankati akakagwira mtima unkawira, chifukwa kanali koyera ndi kosamalika kuposa buku la kuchipatala la Clement limene mbewa zinadya ngodya.

Panyumbapo pankabweranso bambo wa ku Machinga, dzina lake Salimu, wosamalira maluwa ndi udzu. Tsiku lina anafika atamanga kansalu pamwendo. Anati galu wa mumsewu wamuluma podikirira minibasi, koma sikanthu, ayambe ntchito. Madamu anali atanyamuka kale ndi makiyi m'manja. Anaponya chikwama pansi, anakhazika Salimu pampope wa panja, anapatsa a Elenala sopo n'kuwauza kuti atsuke balalo asasiye mpaka iye atanena. Anaima pompo akuyang'ana wotchi mphindi khumi ndi zisanu, madzi akungothamanga. Kenako anamutenga pagalimoto kupita kuchipatala. Salimu anabaidwa tsiku limenelo, anabwereranso patapita masiku, anabwereranso, anabwereranso, mpaka kanayi. A Elenala ankamuseka kuti azungu amugwiritsa ntchito ngati pilo yobayamo singano.

Komabe zinawakhala m'mutu. Ulendo wotsatira wa Tofi anafunsa dokotala uja m'Chingerezi chawo chodukaduka kuti phokoso lonseli n'lachiyani pa kabala kakang'ono chotero. Dokotalayo anajambula mwendo ndi mutu papepala. Anati chiwewe chimalowera pabala n'kumakwera pang'onopang'ono kulunjika kumutu, pamene pamwamba pakupola bwinobwino. Katemera ndi mpikisano, ayenera kufika chisanafike. Munthu akangoyamba kuopa madzi, palibe dokotala pa dziko lapansi angamubweze. A Elenala anakumbukira anthu awiri akwathu amene anafa atamangidwa zingwe, amene aliyense ankati analodzedwa. Anangomunyamula Tofi n'kubwerera.

Anakhala panyumba imeneyo zaka zinayi. Malata a nyumba ya a Cecilia, yunifolomu ya Clement, ngakhale sukulu yanga, zonse zinachokera pachingwe cha Tofi.

Chaka chino, kumapeto kwa Meyi, Lachitatu masana, a Cecilia anatumiza uthenga wa mawu pa watsapu. Anafotokoza za mpunga kuti wacha bwino koma mbalame zachuluka, za mphepo imene inasasula lata limodzi, za mayi wina amene wabereka mapasa. Kumapeto kwenikweni, ngati munthu wokumbukira mchere atatuluka kale mumsika, anati Clement akutsimphina pang'ono, anamuluma galu ku Kachulu Lachisanu lapitalo, koma akusewera.

A Elenala anamvera uthengawo katatu ataima pasinki. Anawerenga zala. Masiku asanu.

Chinachitika n'chakuti mwanayo anamutuma kudoko kukagula matemba. Amene amadziwa Kachulu akudziwa agalu a kumeneko, ogona pansi pa mathandala oyanikira nsomba, odya matumbo a mlamba. Masana aliyense amadziwa kuti uyu ndi wa uje, uyo anamusiya msodzi wakuti popita kutsidya. Koma tsiku limene galu waluma munthu, pa doko lonse simupeza mwini wake. Galu ameneyu anali wofiirira. Anatuluka pansi pa thandala osauwa n'komwe, anagwira Clement pantchafu osasiya. Anamulanditsa ndi bambo wina wotembenuza nsomba za amalonda, a Lyson, amene anamukoka galuyo miyendo, iye n'kutembenuka kuwaluma padzanja. Kenako galuyo anathawira m'bango ndipo sanaonekenso.

A Elenala anaimbira a Gerishomo nthawi yomweyo.

"Achimwene, mwana munapita naye kuchipatala?"

"Tinapita naye tsiku lomwelo. Wabaidwa kale. Inu gwirani ntchito, za kuno tisiyireni ife."

Wabaidwa kale. A Elenala anakhala pansi pakhitchini pompo n'kuthokoza Mulungu. Anathokozanso a Gerishomo kawiri, n'kuwapepesa chifukwa chowaimbira ali kumunda. Masiku awiri otsatira ankasita akuimba nyimbo za kwaya.

Lachisanu linali tsiku la Tofi kwa dokotala. Ali pamzere, galu ali pamiyendo, anatsegula kabuku kaja kuti apeze tsamba. Anayang'ana timapepala tomatidwa tija, ndipo anaona chimene anali asanachiganizirepo zaka zonsezi, kuti kalikonse kanali ndi dzina lake. Aka ka njoka za m'mimba, aka ka chifuwa, aka ka chiwewe. Ngati jakisoni wa galu ali ndi dzina, wa Clement dzina lake ndani? Ndipo Salimu anapita kanayi. Anatuluka panja ndi galuyo kukhwapa n'kuimbanso.

"Achimwene, anamubaya kangati?"

"Kamodzi."

"Wa chiyani?"

"Jakisoni ndi jakisoni, chemwali. Kapena kumeneko amagulitsa m'mitundumitundu ngati zitenje?"

Anawapempha kuti wina ajambule tsamba la buku la kuchipatala atumize. Chithunzi choyamba chinabwera chala chili pakati. Chachiwiri chinaoneka. Analowanso n'kupatsa dokotala wa ziweto foniyo. Bamboyo anakulitsa chithunzi, anakwinya nkhope, anati uyu ndi wa kafumbata, woteteza bala ku dothi ndi dzimbiri, ndipo ndi chiwewe alibe nacho ntchito. Kenako analoza m'munsi mwa tsambalo. Anesi a kuchipatala chaching'ono cha kwathu anali atalemba momveka kuti mwanayo akatenge kalata kwa mlangizi wa ziweto, apite kutauni akayambe katemera wa chiwewe tsiku lomwelo, chifukwa iwo alibe.

Ataimba kachitatu, a Gerishomo anavomera kuti anesiwo ananenadi zina zokhudza kutauni, koma anesi amanena zambiri. Poti singano inalowa, iwo anaona kuti nkhani yatha. Anawonjezera kuti asade nkhawa, chifukwa ndi zachikuda zomwe anachita. Kwathu kuno galu akakuluma amameta ubweya wa kumchira kwake, kuwotcha, n'kupaka phulusa pabala. A Elenala anafunsa kuti ubweya anaupeza bwanji galu atathawira m'bango. A Gerishomo anati anameta wa galu wa oyandikana nawo nyumba, chifukwa nayenso ndi wofiirira.

A Elenala amati apa anayang'ana foni ija ngati aiphwanyire pakhoma. Anadziletsa. Analankhula mwaulemu monga amalankhulira mlongo kwa mwini mbumba. Anafotokoza za mwendo ndi mutu, za mpikisano uja, za madzi. Anatumiza ya mayendedwe madzulo omwewo. A Gerishomo anati Loweruka ndi Lamulungu maofesi amakhala otseka, apita naye Lolemba.

Lolemba m'mawa foni ya a Gerishomo inkangoitana. Masana anayankha ali m'munda, kumbuyo kukumveka zitini zoingitsira mbalame. Anati anthu omweta abwera lero, sangawasiye okha, ndipo bala lauma kale, mwana akuthamanga ngati mbuzi. Mwina Lachinayi. A Elenala anaimbira a Cecilia kuti angomutenga mwanayo okha akakwere minibasi. A Cecilia analira. Anati achimwene anena kuti asapite, kupita n'kuwanyoza pamaso pa mudzi, iwo atani? Linali tsiku lakhumi.

Tsopano mumve chimene a Elenala anali nacho m'manja. Ku Joni analowa ndi chidindo cha masiku makumi atatu, ndipo masikuwo anatha zaka zinayi zapitazo. Wotere akakhala phee m'nyumba ya madamu palibe amamufunsa. Koma akangofika paboda kuti atuluke amamudinda chidindo choletsa kubwerera. Iwo ankadziwa zimenezi, aliyense wa ku Joni amadziwa. Kupita kukatenga Clement kunali kutaya ntchito, kutaya Joni, kubwerera ku matemba ndi ganyu.

Madamu sanali munthu woipa. Anati aimbire dokotala wa ku Malawi iyeyo amufotokozere. A Elenala anafunsa kuti aimbira ndani, poti vuto silinali dokotala. Madamu anati ntchito sangaisunge kupitirira mwezi, ali ndi ana ndi galu. A Elenala anati amva. Analongedza zovala m'chikwama, ketulo ndi bulangete anasiyira Salimu, ndipo dzuwa lisanalowe anali pabasi ya ku Jubeki.

Za ulendowo safotokoza zambiri. Amangoti pa Beitbridge wapolisi wa boda anatsegula pasipoti, anawayang'ana, anadinda zaka zisanu zoletsa kubwerera. Anzawo m'basi ankadandaula za katundu ndi misonkho. Iwo ankangowerenga masiku pazala, khumi ndi limodzi pa Harare, khumi ndi awiri pa Tete, ndipo paliponse pamene basi yaima ankayang'ana agalu oyendayenda m'mbali mwa msewu n'kumaganiza kuti chinthu chija chafika pati m'thupi la mwana wawo, pabondo kapena m'chiuno.

Anafika Lachinayi masana pa kabaza. Uthenga unali utafala kuti wa ku Joni akubwera, ndiye pabwalo panali amayi ambiri, mphasa zitayalidwa, ena akuyang'ana kale kukula kwa chikwama. Munthu wochokera kutali amakhala pansi, amalonjeredwa ndi aliyense mmodzimmodzi, kenako nkhani zimayamba. A Elenala sanakhale. Anadutsa pakati pa manja onse otambasulidwa, anagwada pamaso pa Clement, amene sanawazindikire msanga, n'kukweza kabudula wake. Balalo linali louma, lakuda ndi phulusa, mano anayi akuonekera bwino.

A Gerishomo anatulukira kuchokera kumunda, mpeni womwetera mpunga uli m'manja.

"Mwafika osapereka moni, chemwali. Ku Joni anakuphunzitsani zimenezi?"

"Buku la mwana lili kuti, achimwene?"

A Cecilia anathamanga kukalitenga. A Elenala analitsegula n'kuika chala m'munsi mwa tsamba.

"Apa munawerenga?"

"Zolemba za achipatala amawerenga ndani?"

"Pakamwa sanakuuzeni?"

"Ndakuuzani kale, anatiuza zambiri. Taonani mwanayo. Akudwala pamenepa?"

"Mpunga mwaupulumutsa, achimwene, mbalame sizinadye. Musunge bwino. Mwana wanga akafa tidzaphika womwewo pamaliro."

Palibe mkazi m'banja mwathu anayamba walankhulapo choncho kwa a Gerishomo, ndipo pamaso pa anthu. Iwo anaponya mpeni pansi n'kunena kuti ngati mlongo wawo wabwera ndi nzeru za agalu a azungu, mwana amutenge achite naye zimene akufuna, koma mawa asadzawafune pa nkhani iliyonse. A Elenala anali atamugwira kale Clement padzanja. Kabaza yemwe uja anawatengera kwa mlangizi wa ziweto.

Mlangiziyo anafunsa kuti galu ndi wa yani, ali moyo kapena anafa, anabaidwapo katemera kapena ayi. A Elenala anati zonsezo sakuzidziwa. Bamboyo anapukusa mutu, anati funso loyambalo wakhala akulifunsa zaka zambiri ndipo sanamvepo munthu akuti ndi wanga. Analemba kalata.

Lachisanu m'mamawa anakwera minibasi ya ku Zomba. Milungu iwiri inali itakwana ndendende. Kuchipatala anesi anawerenga kalata, anawerenga tsiku, anavula magalasi.

"Mayi inu, milungu iwiri yathunthu munali kuti? Mwana wanu ndithu?"

Pabenchi panali anthu ambiri ndipo onse anatembenuka. A Elenala akanatha kunena za achimwene awo, za mpunga, za ubweya wa galu wa oyandikana nawo. Anangoti, "Ndimalera galu wa eni."

Anesiwo sanamvetse, koma anafewa. Anamubaya Clement, analemba masiku obwereranso, ndipo ananena zoona zokhazokha, kuti ayamba mochedwa, kuti ambiri oyamba zizindikiro zisanaoneke amapulumuka, koma iwo sangalonjeze. Anati asaphonye tsiku ngakhale limodzi, ndipo amuyang'anire mwanayo miyezi ingapo. A Elenala sanaphonye. Tsiku lina minibasi inafera panjira, anamubereka mwana wa zaka zisanu ndi zitatu kumsana mpaka anapeza njinga.

Mlungu womwewo anapita kudoko kukafuna a Lyson. Anawapeza pathandala akutembenuza matemba ndi kamtengo. Anali bambo wansangala, wochokera cha ku Phalombe, wopanda abale kuno. A Elenala anawathokoza chifukwa cholanditsa mwana, kenako anawapempha kuti apite nawo kutauni. A Lyson anatambasula dzanja kuwaonetsa chipsera, anati dzanja limeneli lalumidwa ndi mlamba, nkhanu ndi apongozi, galu sangalithe. Anthu a pamenepo anaseka. Anati nsomba zikapanda kutembenuzidwa zimawola ndipo bwana wawo sadikira, mwina sabata yamawa. A Elenala anabwereranso kachiwiri, anati mayendedwe alipira iwo. Ulendo wachitatu a Lyson atawaona patali anazemba kuseri kwa zisakasa, ndipo anyamata a padoko anafuula kuti mayi wa agalu uja wabweranso kudzafunsira.

Mlungu wachisanu ndi chiwiri chilumidwire, a Lyson anayamba kudandaula kuti chipsera chikuyabwa ndi kutentha. Kenako mutu, kenako kusagona. Tsiku lachitatu anapempha madzi, koma atawabweretsera kapu khosi linakana, anaitaya akunjenjemera thupi lonse. Munthu amene anakhala moyo wake wonse m'mbali mwa nyanja ankakuwa akamva madzi akutsanulidwa mundowa. Anzawo anawamanga ndi zingwe za maukonde. Anthu ankasuzumira pakhomo n'kumanong'onezana kuti anadya nsomba za munthu wokhwima, ena amati ndi nsanje ya pantchito. Anamwalira patatha masiku anayi.

Pamaliro, mlaliki atamaliza kunena kuti njira za Mulungu n'zobisika, a Elenala anaimirira pakati pa amayi. Anati apa palibe chobisika, a Lyson afa ndi chiwewe, galu amene anawaluma ndi yemwe analuma Clement, ndipo abale ake a galuyo ali pansi pa mathandala pompano akudya matumbo. Anati aliyense amene ali pano akumudziwa mwini wake wa galu wofiirira uja. Mkulu wa mpingo anawayandikira n'kuwapempha kuti akhale pansi, pamaliro si pochitira misonkhano. Amayi awiri anawakoka chitenje. Dzina la Mayi Agalu linakhazikika kuyambira tsiku limenelo. Ena amati ku Joni anachita kuwathamangitsa, nkhani ya mwana n'chophimbira. Ena amati mutu unasokonekera chifukwa chogona nyumba imodzi ndi galu.

Panopa a Elenala abwerera ku matemba. Amagula mabeseni awiri padoko, amayanika, amakagulitsa m'misika ya kumtunda. Padoko amayenda ndi ndodo ndi chidutswa cha sopo chomanga pansonga ya chitenje. Mwana wa mayi wina atakandidwa ndi kagalu, anamugwira n'kumutsuka pamjigo mpaka mayi ake anabwera kudzawalalatira kuti akumuchotsa khungu.

M'mawa uliwonse, asanachite china chilichonse, amatunga madzi m'kapu n'kumudzutsa Clement. Mwanayo amadandaula kuti alibe ludzu, kukuzizira, anzake sawamwetsa madzi ngati nkhuku. A Elenala amagwada n'kumayang'ana pakhosi pake pamene akumeza, ndipo kapu ikatha m'pamene amapuma n'kuyamba kusesa. Tsiku lina anatsamwa n'kukhosomola. A Elenala anakhala pansi m'fumbi mpaka mwanayo anatenga kapu yekha n'kumwanso kuti awaonetse.

Lamulungu lapitali, patatha miyezi inayi chilumidwire, a Gerishomo anabwera kunyumba koyamba chichitikire mkangano uja. Mayi anayala mphasa, ife tonse tinawalonjera. Clement anali pamsewu akuthamangitsa mpira wa mapepala. Malume anamuyang'ana kanthawi, kenako anatembenukira kwa a Elenala akumwetulira, ngati munthu wobwera kudzakhululuka.

"Mwaona, chemwali? Mwana ali gwa. Ndinanena ine kuti jakisoni uja anakwanira. Ntchito yabwinobwino munangoitaya."

Izi n'zimene zimandipsetsa mtima kuposa zonse. Clement akanafa, bwenzi akuti walodzedwa. Poti ali moyo, akuti panalibe vuto. A Elenala anataya Joni, anataya dzina, ndipo umboni woti anachita bwino ndi mwana amene akungosewera mpira monga ana ena onse, umene malume autenga kukhala umboni wawo.

A Elenala anafunsa kuti nanga a Lyson. Malume anati za a Lyson n'zina, munthu wobwera sudziwa zimene anasiya kwawo. A Elenala anadzuka n'kukakhala pakhonde atatifulatira.

Mayi, pofuna kusintha nkhani, ananena zimene analengeza kutchalitchi, kuti Loweruka likubwerali mlangizi wa ziweto adzakhala pabwalo la sukulu kubaya agalu katemera wa chiwewe, mwaulere. Malume ali ndi agalu awiri olondera nkhokwe, Tiwaone ndi Mundinenanji. Anaseka n'kunena kuti awo sapita, katemera amaziziritsa galu magazi, amasiya kuuwa akuba n'kumangogona ngati mphaka. Anati Lachisanu madzulo akawamangirira kudimba kuti alangizi akamazungulira asawaone. Agalu amenewa tsiku lililonse amatsikira kudoko kukadya limodzi ndi anzawo a pansi pa mathandala, ndipo madzulo amadzagona pakhonde pamene Clement amadyera.

Mayi anayang'ana pansi, ine ndinayang'ana msana wa mayi aang'ono.

Kudimbako ndimakudziwa, ndi mtengo umene amamangirirapo ndikuudziwa. Tiwaone ndi Mundinenanji amanditsatira ine kuposa mwini wawo, chifukwa ndine ndimawaponyera mitu ya mlamba. Ndatsimikiza mtima kuti Loweruka m'mawa ndikawamasula ndi kupita nawo kusukulu, ndipo pa kapepala kamene alangizi amapereka ndikalembetsa dzina la mwini wawo, Gerishomo. Malume akadzafunsa kuti anachita zimenezi ndani, ndidzawauza kuti ndine.